Tinasunga mfuti, sitima tinaiphwasula

Aliyense amene anadutsako pa Mangochi boma akupita ku Namwera kapena ku Malindi akudziwa malo amene ndikunenawa. Usanakwere mlatho wa Bakili Muluzi, pamphambano pali nsanja ya wotchi ija anaimanga pokumbukira Mfumukazi Victoria, ndipo chapafupi pake pali mfuti yaikulu yachitsulo, ija akuluakulu ankaitchula kuti mzinga. Masiku ano anyamata a kabaza amaima chapompo kudikira okwera, amayi amadutsa atasenza mabeseni a usipa, ndipo palibe amene amaicheukira. Ine ndinaigwira koyamba ndili Sitandade 5, tsiku limene agogo anga aamuna ananditenga pa ulendo wa ku boma. Kunali dzuwa la Okutobala, chitsulocho chili moto, moti ndinachotsa dzanja msangamsanga. Agogo anandigwira dzanjalo n'kuliika pa mkono wawo, pamene panali zipsera zoyerayera ngati mawanga a nkhanga, amvekere: "Moto weniweni unali pansi, mdzukulu wanga. Ichi chinkakhala pamwamba, kwa azungu."

Ndinawafunsa kuti nanga sitima yake ili kuti. Anangoti, "Anaiphwasula."

Mfutiyi ndi ya mtundu wa Hotchkiss, ndipo inachokera pa sitima yankhondo yotchedwa Guendolen. Sitimayo anaipangira ku Britain, n'kubwera nayo kuno ili zidutswazidutswa, ndipo inalowa m'madzi mu 1899 pa Fort Johnston, lomwe ndi dzina lakale la Mangochi. Anaitcha dzina la mwana wamkazi wa Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Britain ya masiku amenewo. Tikaiyerekeza ndi zisitima zankhondo za kunyanja yamchere, Guendolen kanali kamwana, matani pafupifupi 340 basi. Koma pa nyanja yathu ino inali chilombo. Iyo isanabwere kunali kale timaboti tankhondo tiwiri, Adventure ndi Pioneer, timene boma la Harry Johnston linkalimbana nato ndi zombo za Makanjira ndi anzake ochita malonda a akapolo.

Tsiku limene Guendolen inatchuka nalo ndi la 13 Ogasiti 1914. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse inali itangoyamba kumene ku Ulaya, ndipo kaputeni Edmund Rhoades analamulidwa kuti akasake sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann, imene inali yokhayo yoti n'kuwaopseza Angerezi panyanjapa. Anaipeza pa doko la Sphinxhafen, lomwe lero ndi Liuli ku Tanzania, ataikokera kumtunda kuti aikonze. Anaiwombera ili pomwepo. Kaputeni wa Ajeremani, Berndt, anali mnzake wa Rhoades womwa naye mowa, ndipo uthenga wa nkhondo unali usanam'fike. Anakwera kaboti n'kupalasa kubwera ku Guendolen ali wolusa, akufunsa mnzakeyo ngati waledzera. Pompo anauzidwa kuti kunja kuno kwagwa nkhondo, ndipo kuti iye tsopano ndi mkaidi. Olemba mbiri ambiri amawerenga chochitikachi ngati kulimbana koyamba kwa sitima zankhondo za Angerezi ndi Ajeremani m'nkhondo yonse ija.

Nkhaniyi imakoma kufotokoza, ndipo nanenso ndaifotokozerapo alendo kangapo. Koma taimvetserani bwino: muli azungu awiri ndi mfuti imodzi. Amene anadula nkhuni zoti sitimayo iyendere usiku wonse mulibe. Amene ankaponya nkhunizo m'ng'anjo mulibe. Mulibenso zimene zinatsatira. Angerezi atatsala okha panyanja anatha kutumiza asilikali ndi katundu kumpoto mosavuta, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho kunachitika nkhondo ya ku Karonga, kumene anafa ambiri anali anthu akuda a mbali zonse ziwiri. Mwazi umenewo ndi umene unam'pweteka mtima John Chilembwe mpaka kulemba kalata yake yodandaula mu Novembala 1914, miyezi iwiri asanaukire boma. Kenako panabwera zaka za mtengatenga, amuna miyandamiyanda akusenza katundu wa nkhondo, ambiri osabwerera kwawo. Guendolen inali pakatikati pa zonsezi. Inagwira ntchito zaka zina zambiri nkhondo itatha, mpaka anaiphwasula mu 1944. M'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, pa Mangochi pomwepo, anamangamo chofanizira cha pamene pankaima woyendetsa sitimayo. Ndi ntchito yabwino, ndipo ndimayamika amene anaiganizira. Komatu n'pamwamba pomwe paja, kwa azungu.

Agogo anga mu 1914 anali asanayambe n'kuyenda komwe. Ntchito yapanyanja anailowa atakula, m'sitima za nthunzi zimene zinkayenda nthawi ya atsamunda, ndipo ntchito yawo inali yosonkhezera moto. Ankati m'mbali mwa nyanja munali malo odziwika amene sitima inkaima kuti itenge nkhuni, zodulidwa kale msinkhu wofanana n'kusanjidwa m'milumilu. Anthu a m'mudzimo ankazisenza kupita nazo ku maboti, maboti n'kukazitula m'sitima. Pansipo munthu unkakhala chibadwire cha kumtunda, kansanza konyowa m'khosi, thukuta likuchita kulowa m'maso. Mwera ukavuta, sitima ikamapendekera uku ndi uku, unkati ukatsegula chitseko cha ng'anjo n'kuterereka, mkono umakakhudza chitsulo. Zipsera zija zinachokera pamenepo. Ankatha kudziwa kuti nthunzi yachepa pongomva kalilidwe ka injini, mzungu wa injiniyo asanayang'ane n'komwe pa geji. Zonsezi ndinazimva ndi makutu okha. Ndikanakonda n'kanatsika makwerero a sitima yoteroyo ndi kuima pamene iwo ankaima, n'kuona kuchepa kwa malowo ndi maso anga.

M'chithiranki chawo munali nyali yamkuwa ya m'sitima, imene anapatsidwa popuma ntchito. Ankaipukuta ndi phulusa ndi ndimu mpaka iwale. Iwo atamwalira inakhala kwa mbale wathu wina, ndipo m'chaka cha njala cha 2002 inapita kwa ogula zitsulo zakutha aja oyenda ndi sikelo m'midzi. Anaiyeza pa kilogalamu ngati mpoto wobooka. Sindinawaimbepo mlandu achibale angawo, chifukwa ana awo ankagona ndi njala ndipo ine ndinalibe choti n'kuwatumizira. Koma mpaka lero ndikaona mulu wa zitsulo pa lole, mtima umandiwawa.

Zaka zapitazi ndakhala ndikugwira ntchito yosamalira okalamba kum'mwera kwa England, ndipo tsiku lina lopuma ndinapita ku doko lakale la asilikali apamadzi ku Portsmouth. Anthu ambiri amapitira zisitima zankhondo zakale zotchuka, HMS Victory ndi Mary Rose. Ine chimene chinandigwira ndi kasitima kakang'ono kamene kali m'dzenje louma pafupi ndi Victory, dzina lake HMS M33. Anakapanga ku Belfast mu 1915 mwachangu kwambiri, kuti kakawombere kumtunda pa nkhondo ya ku Gallipoli, ku Turkey, ndipo mu 1919 kanakamenyanso nkhondo kumpoto kwa Russia. Kutalika kwake ndi mamita 54, ndipo munkakhala amuna 72. Unayenera kuwerama polowa pa zitseko. Ndinaona pamene ankaphikira, kakhitchini kosafika n'kukula kwa bafa la kumudzi, ndi zokolekera zimene ankamangirirapo machira awo ogonamo, wina pafupi ndi mnzake ngati nsomba pa thandala. Okonza sanafune kukakongoletsa. Anasiya makoma ali ndi mabala awo, penti yakale ikuoneka m'munsi mwa inzake, misomali ya chitsulo ili tuu m'mizere. Ndinaika dzanja pa khoma lozizira la pansi, pamene kale panali injini, ndipo ndinalira. Sindinkalirira Angerezi a ku Gallipoli ayi. Kunali koyamba m'moyo wanga kuima m'malo ofanana ndi amene agogo ankanena, ndipo ndinachita kuwapeza kudziko la eni.

Chimene chinapulumutsa M33 si ulemu. Ndi ntchito. Nkhondo itatha anakasandutsa kophunzitsira kutchera mabomba a m'madzi n'kukatcha Minerva, kenako anachotsa injini n'kukhala ngati shedi yoyandama yogwiriramo ntchito, mpaka anthu anadzazindikira kuti mwa sitima zankhondo za Britain za nkhondo yoyamba zatsala zitatu zokha. Ndi mmene zimakhalira ndi timaboti tankhondo pafupifupi kulikonse. Zisitima zikuluzikulu zimakhala ndi mayina otchuka ndi anthu oziyankhulira. Ting'onoting'ono amatipanga tambirimbiri, mothamanga, kuti tigwire ntchito zaka zochepa, ndipo nkhondo ikatha timakhala chipsinjo. Amereka anapanga maboti amatabwa othamanga kwambiri, otchedwa PT, oposa 500 pa nkhondo yachiwiri. Itatha mu 1945 anaona kuti kuwabweza kwawo n'kodula, ndiye oposa 100 anawakokera pagombe la Samar ku Philippines, n'kuchotsa zofunika, n'kuwathira moto. Imodzi mwa zimene zinapulumuka, PT-305, inathera m'manja mwa asodzi ku Chesapeake Bay, amene anaidula kumbuyo mamita anayi n'kumanyamulira nkhono za m'nyanja. Inafika ku National WWII Museum ku New Orleans mu 2007, mzinda womwewo umene inapangidwira mu 1943. Anthu ongodzipereka anathera pa botilo maola oposa 100,000, ndalama zinalowapo zoposa madola 3 miliyoni, ndipo inabwerera m'madzi mu 2017. Zaka khumi, boti limodzi la mamita 24, m'dziko lolemera chotero.

Kwathu timati kupatsa n'kuika, ndipo n'zoona. Koma pa nkhani ya maboti mwambiwu umafuna kuusamala. Munthu amene wasunga boti lakale kuseri kwa nyumba, kapena gulu la asilikali limene likupumitsa boti lake, amaganiza kuti akalipereka kosungira zinthu zakale ndiye kuti nkhani yatha. Eni ake a nyumba zoterezi amadziwa kuti pamenepo m'pamene nkhani ikuyamba. Kupereka boti popanda chilichonse kuli ngati kutula mwana wamasiye pakhomo pa munthu wopanda nkhokwe. Iye sangakane pamaso panu, koma mwanayo adzaonda. N'chifukwa chake nyumba zambiri zoterezi zimakana maboti ochuluka kuposa amene zimalandira, ndipo zikafuna kulandira zimafunsa mafunso olimba. Mwini wake weniweni ndani, ndipo pali pepala losonyeza zimenezo? Boti limeneli linachita chiyani, ndipo umboni wake uli kuti: mabuku a ulendo, zithunzi, mapulani a amisiri, mayina a amene ankayendamo? Ndi matabwa angati amene ali oyambirira? Tikalilandira tiliika pati, tilinyamula ndi chiyani, ndipo ndalama yolisamalira chaka ndi chaka ichokera kuti? Wopereka wanzeru amabweretsa botilo pamodzi ndi mapepala ake onse ndi kathumba ka ndalama koyambira, ndipo amasainirana kuti umwini wasamuka ndithu, kuopa kuti mawa adzukulu angadzabwere kudzalanda.

Palinso chisankho china chovuta: boti likhale m'madzi kapena kumtunda? M'madzi limaoneka lamoyo, anthu amamva fungo la mafuta ndi kulira kwa injini. Koma boti loyenda liyenera kukwaniritsa malamulo a chitetezo a lero, ndipo thabwa lililonse lofooka, chitsulo chilichonse chopyapyala, chiyenera kusinthidwa. Pakatha zaka makumi angapo umapeza kuti dzina ndi lomwe lija koma thupi lonse ndi latsopano. Kumtunda nakonso kuli mavuto ake. Boti lamatabwa likauma msanga matabwa amafota n'kung'aluka, ndipo likapanda kuchirikizidwa bwino pansi msana wake umapindika. Chimene chimaoletsa matabwa kwambiri ndi madzi a mvula olowera pamwamba n'kukhazikika m'makona mopanda mphepo. Lachitsulo mdani wake ndi dzimbiri, makamaka ngati linakhala m'madzi amchere, chifukwa mcherewo umalowerera m'chitsulo n'kumachidya ngakhale mutapaka penti. Pa M33 anachita kudzaza dzenje lija ndi madzi amankhwala n'kudutsitsamo magetsi kuti mchere utuluke. Njira ina imene ndinaikonda ndi imene anachita ndi Coastal Motor Boat 4, kaboti kamatabwa ka mamita 12 kamene msilikali wapamadzi wa Britain, Augustus Agar, anamizira sitima yaikulu yankhondo ya ku Russia yotchedwa Oleg kufupi ndi Kronstadt mu Juni 1919. Kenikeniko amakasunga pouma, pansi pa denga, osakakhudzakhudza. Ofuna kuona liwiro lake anawapangira kena katsopano kofanana nako, kamene anthu ongodzipereka anakhoma ku Portsmouth komweko.

Pamenepa ife tili ndi mwayi umene Angerezi alibe. Nyanja yathu ilibe mchere. Chitsulo chimene ku Beira kapena ku Durban chikanatha kalekale, kuno chimapirira zaka zoposa 100. Ndipo ngati wina akuganiza kuti kusunga sitima ndi masewera a mayiko olemera okha, amve za Yavari ku Peru. Boma la Peru linaitanitsa timasitima tankhondo tiwiri, Yavari ndi Yapura, kuchokera ku England mu 1861, toti tikayende pa nyanja ya Titicaca, pamwamba pa mapiri a Andes, mamita 3,800 kuchokera pa nyanja yamchere. Tinabwera m'zidutswa 2,766, ndipo nyulu ndi anthu anazikweza mapiriwo kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Yavari inalowa m'madzi pa Khirisimasi ya 1870, ndipo popeza kumeneko mitengo njosowa, ng'anjo yake inkayaka ndi ndowe zouma za nyama zotchedwa llama. Itakalamba anaisiya pa doko la Puno ikuchita dzimbiri, mpaka mayi wina wa ku England, Meriel Larken, anaigula kwa asilikali apamadzi a Peru mu 1987. Ataiyeza anapeza kuti thupi lake likadali lolimba chifukwa cha madzi opanda mchere. Amisiri a komweko anaikonza pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, ndipo inasanduka malo oti anthu azikaona, ena mpaka kugonamo n'kulipira. Nditawerenga zimenezi ndinangoti, iyi si nkhani ya Chauncy Maples iyi?

Chauncy Maples ndi sitima imene imandisowetsa tulo. Inapangidwa ku Glasgow ndi kampani ya Alley & McLellan mu 1899, ya mishoni ya mpingo wa Anglican yotchedwa UMCA, ndipo dzina lake ndi la bishopu wa ku Likoma amene anamira m'nyanja mu 1895 akubwerera kumene kuchokera kokadzozedwa. Anaiphwasula m'zidutswa 3,481 kuti ithe kukwera Zambezi ndi Shire n'kulambalala mathithi. Chidutswa chilichonse chinali ndi nambala, koma mankhwala oteteza dzimbiri amene anaviikamo zitsulozo anafufuta manambalawo, moti amisiri anatha zaka ziwiri akuyesa ichi ndi ichi kuti aone chogwirizana. Boyila yake, chithanki chowiritsira madzi cholemera matani 11, sinkatheka kuigawa. Anaiika pa ngolo ya mawilo achitsulo, ndipo Angoni 450 anaikoka ndi zingwe, kukwera zitunda ndi kuwoloka mitsinje. Taganizirani anthu 450 pa chingwe, nyimbo imene ankaimba kuti akokere pamodzi, matuza a m'manja, amayi amene ankawaphikira m'njira. Sitimayo inalowa m'madzi pa 6 Juni 1901. Inakhala tchalitchi, sukulu ndi chipatala choyandama cha midzi ya m'mbali mwa nyanja. Nkhondo ya 1914 itafika boma linaitenga, n'kumanyamulira asilikali ndi kulondera nayo nyanja pamodzi ndi Guendolen. Mu 1953 mishoni inaigulitsa ku boma ndipo inakhala yophera nsomba, kenako mu 1967 anaikonzanso, n'kuikamo injini ya dizilo, kuti izinyamula anthu ndi katundu. Ambiri a msinkhu wa makolo anga anaikwerapo. Inkadziwika kuti ndi sitima yakale kuposa zonse zimene zinali zikuyandamabe mu Africa.

Cha m'ma 2009 kunabadwa maganizo oisandutsanso chipatala choyandama. Bungwe la Chauncy Maples Malawi Trust linakhazikitsidwa ku Britain, kampani ya inshulansi ya Thomas Miller ya ku London inatsogolera kusonkha ndalama, ndipo cholinga chinali mapaundi 2 miliyoni. Ndinasangalala nawo kwambiri maganizo amenewo, chifukwa ndikudziwa midzi ya m'mbali mwa nyanja imene mayi woyembekezera amachita kum'goneka m'bwato kuti akafike kuchipatala. Ntchito inayambika ku Monkey Bay, koma sinafike pamapeto, ndipo chipatalacho sichinayende. Ulendo womaliza umene ndinafika ku Monkey Bay ndinaiona patali, ili duu, yopanda utsi, yopanda munthu.

Maganizo anga, ndipo ndikudziwa kuti ena sagwirizana nawo, ndi akuti tinaipempha zochuluka nkhalambayi. Tinafuna kuti ikhale chuma cha mbiri komanso ambulansi pa nthawi imodzi. Odwala a ku Usisya ndi ku Makanjira akufunika boti latsopano, lopepuka, losadya mafuta ambiri, lokhala ndi zipangizo zosavuta kupeza. Chauncy Maples ikufunika zinthu zina: kuikokera kumtunda, kuikhazika pa zipilala za simenti zoichirikiza bwino, kuimangira denga la malata kuti mvula isalowe, kutsegula mazenera kuti mphepo izidutsa, kupala dzimbiri ndi kupaka penti nthawi ndi nthawi, ndi mlonda woti ogula zitsulo asayandikire. Zimenezi si zaulere, koma si mamiliyoni a mapaundi. Amisiri owotcherera ndi opaka penti ku Monkey Bay alipo kale, ndipo ndi omwewo amene asunga Ilala ikuyenda mpaka lero. Mwana wa sukulu wochokera ku Ntcheu atha kudzaima pansi pake n'kuyang'ana m'mwamba, n'kuuzidwa kuti makolo ake ndi amene anakoka mtima wa chinthu chimenechi ndi manja.

Ndikudziwa funso limene likubwera, chifukwa mchemwali wanga amene ndi namwino anandifunsa kale: m'zipatala mulibe mankhwala, ana akuphunzirira pansi pa mtengo, iwe ukulirira chitsulo? Ndilibe mtima wom'tsutsa, ndipo ngati ndalama ili imodzi yokha, ipite ku mankhwala. Koma zambiri zimene zikufunika poyamba si ndalama. Ndi chisankho cholembedwa. Tili ndi nthambi ya boma yoona zosunga zinthu zakale, tili ndi lamulo la Monuments and Relics Act. Boma litha kulengeza kuti sitima yakutiyakuti ndi chuma cha fuko, singagulitsidwe ngati zitsulo zakutha, ndipo ikadzapuma idzapita m'manja mwa akutiakuti, pamalo akutiakuti. Pepala limenelo likakhalapo, opereka thandizo amakhala ndi poyambira. Likapanda kukhalapo, tsiku lina mumangomva kuti lole zanyamula.

Ndikunena izi ndikuganiza za Ilala. Inapangidwa ndi Yarrow ku Scotland mu 1949, n'kuyamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951, patangopita zaka zisanu chimirireni Vipya, imene inapita ndi anthu 145 pa 30 Julaye 1946 kufupi ndi Chitimba. Kwa anthu a ku Likoma ndi Chizumulu, Ilala ndiye msewu, ndiye msika, ndiye galimoto ya maliro ndi ya ukwati. Nkhani yoti ipume yakhala ikumveka kwa zaka zambiri, ndipo tsiku limenelo lidzafika ndithu. Tsiku lomaliza kuzimitsa injini si tsiku loyamba kufunsana kuti tiitani. Belu, chiwongolero, kampasi ndi mabuku a ulendo zimasowa m'sabata yoyamba. Chimodzimodzinso maboti olondera nyanja a asilikali athu apamadzi a ku Monkey Bay. Ndi ang'onoang'ono, sanamenye nkhondo yotchuka, koma apulumutsa asodzi ambiri ogwidwa ndi mwera. Limodzi lokha mwa iwo litaperekedwa ku Mangochi pamodzi ndi zithunzi ndi mayina a amene ankayendamo, lingakwane pansi pa shedi yaing'ono kuposa ya chigayo. Pambali pake ndingakonde kuona bwato lakale losemedwa ku mtengo umodzi, la mtundu umene mitengo yake ikusowa tsopano, chifukwa nalonso likupita osatsanzika.

Ndipo pali china chimene sichifuna chilolezo cha aliyense. Amalinyero akale a Ilala, a Mpasa, a Chauncy Maples ya dizilo ija, ena akadali moyo ku Monkey Bay, ku Nkhata Bay ndi ku Chipoka. Foni iliyonse lero imajambula mawu. Agogo anga ndinawamvera ndili mwana, ndipo zambiri ndinaiwala: mayina a malo otengera nkhuni, mawu amene ankakuwirana pansi paja, nyimbo imene ankaimba pokoka nangula. Ndimakumbukira kayimbidwe kake kokha, mawu ake anathawa.

Mwezi wathawu ndinaimbira azakhali anga, mwana womaliza wa agogo amene watsala, kuwafunsa ngati m'chithiranki muja munatsala kanthu. Anati dikira, ndipo ndinamva chivindikiro chikulira. Munali chipewa chodyedwa ndi njenjete, kabuku kakang'ono ka ntchito kokhala ndi chidindo ndi chala cha agogo, ndi chithunzi chimodzi cha amuna asanu ataima pa doko, wachiwiri kuchokera kumanzere atapinda malaya mpaka m'zigongono. Ndinawafunsa ngati angalole kuti tikazipereke ku Mangochi. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ukabwera tikapite tonse. Koma ukawauze alembe dzina la bambo bwinobwino, ndipo alembe kuti anali a kumoto." Ndagula kale envulopu yolimba yoti tidzaikemo chithunzicho, ndipo tchuthi changa ndapempha cha mu Ogasiti.